Phewa landizunza sabata yonse, mpaka mbuzi inandithandiza

Sabata ino m'kalasi timaphunzira za phewa ndipo kunena zoona ndinalipeputsa, ndimati mafupa atatu okha, clavicle (fupa la pansi pa khosi), scapula (fupa la kumbuyo kwa phewa) ndi humerus (fupa la kumtunda kwa mkono), chovuta n'chani pamenepo. Manje atayamba za majointi mutu unaima. Ati alipo anayi, glenohumeral (pomwe humerus ikumana ndi scapula), acromioclavicular (clavicle ndi scapula), sternoclavicular (clavicle ndi fupa la pachifuwa), kenako scapulothoracic yomwe si jointi yeniyeni, ndi scapula kungotsetsereka pamwamba pa nthiti minofu ili pakati. Ndinaloweza maina onse koma mukanandifunsa kuti zikuyenda bwanji ndikanangokuyang'anani.

Loweruka amalume anandituma ku msika wa Soweto kukagula nyama ya mbuzi. Ndaima pa butchala ndikuona bambo uja akuchotsa mwendo wakutsogolo ndi mpeni basi, osatema fupa ngakhale limodzi, koma wakumbuyo mpaka kufufuza jointi ya m'chiuno. Ndinafunsa kuti bambo, bwanji uwu wangochoka chonchi, iwo ati mwanawe, uwu umangogwidwa ndi nyama. Apa ndi pomwe zinalowa. Mbuzi ilibe clavicle. Ife tili nayo, ndipo mkono wonsewu, ndi kulemera kwake konse, umalumikizana ndi mafupa a thunthu pa kamalo kamodzi kokha, pomwe clavicle ikumana ndi fupa la pachifuwa. Kwina konseko ndi minofu. Mu minibasi yobwerera ndimangodzigwira pansi pa khosi uku ndikukweza phewa kuti ndimve kajointiko kakusuntha, amayi amene ndinakhala nawo anayamba kundiyang'ana ngati ndadwala.

Glenohumeral ndiye yandisangalatsa kwambiri. Ya m'chiuno ili ngati munsi mu mtondo, yakuya, yokhazikika. Ya phewa ayi, mutu wa humerus ndi waukulu pomwe glenoid, malo a pa scapula amene mutuwo umakhalapo, ndi kambale kosaya, ngati kuika lalanje pa chitsekero cha botolo. Pali kamkombero kotchedwa labrum kowonjezera kuya pang'ono koma sikuti kamathetsa nkhani. Nchifukwa chake mkono umazungulira mbali zonse, nchifukwa chakenso phewa limaguluka kawirikawiri kuposa majointi ena akuluakulu, ndipo nthawi zambiri mutuwo umathawira kutsogolo. Chogwira zinthu pamenepo ndi rotator cuff, minofu inayi, supraspinatus, infraspinatus, teres minor ndi subscapularis. Yagwira pamwamba, kumbuyo ndi kutsogolo, pansi palibe, ndiye pofooka ndi pomwepo.

China chomwe ndinalakwa pa kwizi, ndinalemba kuti kukweza mkono mpaka madigiri 180 ndi ntchito ya glenohumeral yokha. Ayi ndithu. Iyo imapereka pafupifupi 120, 60 yotsalayo ndi scapula kutembenuka. Ndinayesa pa mng'ono wanga, ndinamugwira scapula mwamphamvu n'kumuuza kweza mkono, unakanika kufika pamwamba, iye n'kumati achimwene mundithyola. Supraspinatus ndi imene imayambitsa, madigiri 15 oyambirira, kenako deltoid, mnofu waukulu wophimba phewa, imatenga ntchito.

Za clavicle ndingodutsa, imakonda kuthyoka chapakati munthu akagwera phewa, ndipo ndi fupa loyamba kuyamba kulimba mwana ali m'mimba koma lomaliza kumaliza kukula, mpaka zaka za m'ma 20. Axillary nerve, mtsempha wopangitsa kuti khungu la pa phewa lizimva, nayo musaiwale, imazungulira pa surgical neck ya humerus, pansi pang'ono pa mutu wake, ndiye phewa likaguluka kapena fupa likathyoka pamenepo umagwira khungu la pa deltoid n'kufunsa ngati munthu akumva.

Chomwe chandikanikabe ndi maligamenti, tizingwe tomanga fupa ndi fupa. Coracoclavicular, yomanga clavicle ku scapula, ili ndi magawo awiri, conoid ndi trapezoid, ndimazisokoneza kuti ili mkati ndi iti, ndalemba pa dzanja kuti conoid mkati, trapezoid kunja. Mayeso ndi Lachisanu, malaiti apitanso, ndipo fupa la scapula la mbuzi ija ndaliumitsa lili pa tebulo pano, azakhali akufuna kulitaya ati likuitana mphemvu.