Za mbewa zija, imvani kwa mwini wake

Ndamva kuti nkhaniyi yafika mpaka ku Limbuli, ndipo kumeneko akuti mbewazo zinali zodzaza dengu, zina zitavala mikanda m'chiuno. Bodza limenelo. Inali mbewa imodzi ndi tiana take, ndipo mkanda sindinauone.

Ndowa ija sindine ndinaibweretsa pabalaza. Inali phee kunsi kwa bedi langa, chivundikiro chake nditachiboola timabowo topumira. Koma kwathu ndowa zonse ndi zobiriwira, mayi anazigula tsiku limodzi pa Chitakale, ndipo thobwa la alendo analisunga m'chipinda momwemo. Atamutuma mng'ono wanga kuti akatenge ndowa, iye anangonyamula yopepukayo. Mwana waulesi uja palibe akumutchula, onse ali pa ine.

Alendowo anali ankhoswe a mnyamata wofunsira achemwali anga, atavala masuti, nsapato zili waliwali ngakhale kunja kunali chiperoni. Amalume anakoka ndowa ija, kapu ili kudzanja, n'kuvundukula.

Anayang'anamo. Mbewa nayo inawayang'ana. Tiana tija, topanda ubweya, tofiira, tinkangofunafuna bere osadziwa kuti tafika pa zokambirana za ukwati. Amalume anavundikira pang'onopang'ono, anatsokomola, anamwetulira alendo, kenako anavundukulanso. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti ankayembekezera chiyani. Kuti ulendo wachiwiri apezamo thobwa? Pamenepo mbewa inaona kuti ya manyazi inafera kuuna, inalumpha, n'kulowa m'mwendo wa thalauzi la nkhoswe wamkulu.

Bambo amene aja ndi mkulu wa mpingo, zovina anasiya kalekale. Koma tchopa chimene anavina tsiku limenelo, chopanda ng'oma, a ku Chonde akanachiona akanawapatsa malo kutsogolo. Mwendo umodzi m'mwamba, dzanja litagwira lamba, chipewa chili uko. Mbewa inakwera mpaka pabondo, inaganiza kaye, inapitirira. Anzawo ankawamenya ndi nyuzipepala pamalo amene sitingatchule pano, uku akuti, "Pepani abambo, imani chilili!" Inatulukira mwendo winawo. Njira imene inadzera musandifunse.

Tsono maso onse kwa ine. Ndinati, "Amalume, musadabwe, ndi zakusukulu izi. M'maso mwa tianati maselo amadzidya okha."

Mayi anangoti, "Mayo ine!"

Chimene ndinkatanthauza ndi chinthu choona, ndipo pano palibe wondidula mawu. Selo, kanthu kakang'ono kamene kamapanga thupi, likakhala ndi ziwalo zakutha limazikulunga m'kathumba, n'kuzipereka ku kachiwalo kotchedwa lysosome kamene kamaziphwanya, ndipo zophwanyikazo limamangira zatsopano kapena kupezerapo mphamvu. Akatswiri amati autophagy. Kamwana ka mbewa kakangobadwa, chakudya chodzera mumchombo chaduka, mkaka sikanayambe kukhuta, ndiye kamadalira zimenezi. Mu 2004 ofufuza a ku Japan anaonetsa kuti tiana topanda jini (kachidutswa ka malangizo achibadwa a m'selo) yotchedwa Atg5, imene imathandiza kuyendetsa ntchitoyi, timafa tsiku loyamba lomwelo.

Kumaso ndiye nkhani imakoma. Mbewa imakhala ndi bere pafupifupi masabata atatu okha, choncho tiana timabadwa diso lisanathe kumangidwa, zikope zili zomatana, ndipo timaphenya patapita masiku 12 mpaka 14. Kuseri kwa zikopezo ntchito ili mkati. Mitsempha ya magazi imene inkadyetsa galasi la m'diso imafota n'kuchotsedwa kuti kuwala kudutse, zimene kwa anthufe zimatha tisanabadwe. Maselo ena a retina, kansalu kakuseri kwa diso kamene kamalandira kuwala, amayamba adya ena mwa mitochondria awo, tiziwalo topanga mphamvu, kamwana kakadali m'mimba, kuti akhwime bwino. Izi anazipeza a gulu la Patricia Boya ku Madrid mu 2017. Ine kuzipeza mbewazo m'thumba la chimanga ndinangofuna kuona ndi maso anga tsiku limene zikopezo zimatseguka. Mlandu wake uli pati?

Koma pabalaza paja zonsezi sizinatuluke mwandondomeko chonchi. Ndinangotchula mawu akuti "akhwime," amalume n'kusendeza mpando. Pofuna kukonza zinthu ndinati, "Si ine ndekha ayi. Kuli bambo wina ku Japan, Yoshinori Ohsumi, anachita kulandira mphoto ya Nobel mu 2016 chifukwa cha zomwezi, ndalama zankhaninkhani."

Nkhoswe uja, akupuma wefuwefu, anatembenukira anzake. "Mwamva? Ndalama."

Ndinayesa kunena kuti bambowo ankagwiritsa ntchito yisiti, yemweyu wa mandasi, osati mbewa. Zinangoipiraipira. Mayi wina anati n'chifukwa chake mandasi a masiku ano ukadya umangofunabe ena. Amalume anandifunsa motsitsa mawu, mwaulemu umene sanandipatsepo chibadwire, kuti kodi kusukuluko anandiuza kuti ndipereke ndani pa mtundu wathu. Achemwali anga anali pakhomo la khitchini, osalira, osayankhula, akungondiyang'ana ndi chipande m'manja.

Agogo okha ndi amene anaona nkhaniyi bwino. Anasuzumira m'ndowamo n'kunena kuti, "Mdzukulu wanga si mfiti uyu, ndi chitsiru chabe. Yonenepa waithawitsa, wasunga topanda mnofu." Umboni umenewu ndi umene unandipulumutsa, ndipo ndinaulandira ndi manja awiri.

Zokambirana zinapitirira panja, pansi pa mtengo wa peyala, anthu akunyowa, nkhoswe wamkulu atalowetsa miyendo ya thalauzi m'masokosi. Ukwati ulipo, musamve zonama. Kungoti banja lathu linapereka nkhuku yopepesera, imene mwamwambo sinayenera kuchokera kwathu, ndipo ndalama yake akuti ndibweza ndikayamba ntchito.

Tiana tija mphaka wa oyandikana nawo anatipeza usiku womwewo, ndiye zikope sindinazione zikutseguka. Pa chinkhoswe andipatsa ntchito yolondera njinga, kumsewu, kutali ndi kophikira.