Kutumiza uthenga pansi pa madzi si masewera

Ndangotuluka mu labu pompano koma mutu ukadali pa zomwe ndaona. Tatumiza sigino imodzi yokha m'thanki la madzi, pa hydrophone (maikolofoni ya m'madzi) yafika kangapo, ina itagunda pansi, ina itabwerera kuchokera pamwamba, zonse kupondana mpaka uthenga osamveka.

Nde tangoganizani m'nyanja yeniyeni. Sigino ya wailesi imafa msanga m'madzi amchere, choncho masensa amalankhulana ndi phokoso, lomwe limayenda mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi basi, liwirolonso limasintha ndi kutentha, mchere ndi kuya kwa madzi. Umatumiza sigino yodziwika kale kuti uyeze njira yomwe phokosolo likudutsa, mafunde akangogwedezeka pamwamba zomwe wayezazo zatha ntchito. Anthu opanga ma algorithm (malangizo a masamu omwe kompyuta imatsatira) otsata kusinthaku ine ndimawapatsa ulemu heavy, ntchitoyi ndaikonda zedi.