Sukulu inali pa foni, koma pa windo la maakaunti ndinaima masiku awiri

Lachisanu lapitali ndinakatenga kalata ya zotsatira zanga zomaliza. Digiri ya uphunzitsi yatha, abale. Ndinakhala pansi pa mtengo pafupi ndi geti la koleji, n'kuiwerenga kawiri, kenako n'kuijambula ndi foni ndisanaiike mu envulopu. Chizolowezi chojambula pepala lililonse ndinachiphunzira ndi misozi, ndipo nkhani yake ndifikako.

Ndimaphunzitsa masamu pa sekondale ina kuno ku Lusaka. Ndimakhala ku Chawama, kwathu ndi ku Katete. Anzanga a dipuloma akhala akundifunsa kuti maphunziro a distance amayenda bwanji masiku ano pamene theka lake lili pa intaneti, ndipo ndatopa kuyankha mmodzimmodzi tiyi ali m'manja. Ndiye ndalemba kamodzi, aliyense adziwerengere.

Zolembetsa sindichedwapo. Fomu mudzaza, makope a satifiketi mukadinditsa, kalata yokulandirani ibwera. M'kalatamo muli nambala yanu ya sukulu. Ilembeni paliponse, m'foni, kuseri kwa Baibulo, ngakhale pa chitseko. Kayendedwe kake n'kotere: pa holide ya Epulo, Ogasiti ndi Disembala mumapita kukoleji kukaonana ndi alekichara maso ndi maso, amati residential. Masiku ena onse muli pa Moodle, komwe kumakhala manotsi, makwizi ndi malo otumizira asayimenti, komanso kalasi ya Zoom kapena Google Meet madzulo ena mukaweruka. Pomvetsera zimakoma. Ine ndinkaganiza kuti ndizidzaphunzira nditakhala pampando wanga, nsima ikuphikidwa.

Tsopano mverani za Seputembala 2024.

Fizi ndinalipira kubanki ina pa Cairo Road, pa nthawi yake, sindinachedwe ngakhale tsiku limodzi. Silipi ndinaipinda n'kuiponya m'chikwama. Patapita milungu itatu, Lachisanu usiku, ndikuti ndilowe pa portal, tsamba la koleji la pa intaneti, ndilembe kwizi ya masamu a Calculus imene inali kutseka Lamlungu 23:59, ndinangoona mawu ofiira akuti akaunti yanga yatsekedwa chifukwa cha ngongole. Ngongole yanji? Ndinaganiza kuti ndi pasiwedi, ndinaisintha. Ndinazimitsa foni, n'kuiyatsanso. Ndinabwereka foni ya akazi anga. Mawu ofiira ali pompo. Loweruka ofesi yotseka, nambala imene analemba pa kalata ikungolira osayankhidwa. Lamlungu ndinakhala ndikuyang'ana wotchi mpaka 23:59 inadutsa ndikuona, mamakisi khumi a kontinyuwasi, aja amasonkhanitsidwa mayeso omaliza asanafike, n'kupita nayo.

Lolemba ndinapempha ahedi kuti ndichokepo pang'ono. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, pakuti ana a Grade 12 anali atatsala ndi milungu yochepa kuti ayambe mayeso, koma anandilola. Ndinati pofika 10 koloko ndikhala nditabwera. Minibasi ya ku Chawama mpaka m'tauni, kuyenda wapansi kudutsa mu City Market, minibasi ina mpaka kukoleji. Pa windo la maakaunti ndinapeza anthu oposa makumi awiri, ambiri aphunzitsi ngati ine, choko chikuonekabe pa mathalauza. Windo ndi limodzi. Lina lilipo, koma anatsekapo ndi katoni.

Nditafika kutsogolo, amayi a pa windopo anatenga silipi yanga, n'kuiyang'anira ku kuwala.

"Aphunzitsi, silipi iyi ilibe nambala yanu."

"Amayi, nambala ndi iyi, ili pa khadi langa."

"Ndati pa silipi. Ndalama zanu zilipo mwina, koma sizikudziwa mwini wake."

Zoona, wa kubanki uja anasiya manambala awiri omaliza. Kuwonjezera apo, kapepala kameneka ndi kaja ka makina kamene inki yake imafufutika kakatenthedwa, ndipo m'chikwama changa kanali katayera ngati ufa woyera. Tsiku lokha ndi limene linkaonekako bwino. Anandiuza kuti ndibwerere kubanki ndikatenge kalata yodindidwa yotsimikizira kuti ndalamazo ndi zanga. Ndiye mverani, musanachoke pa kauntala ya banki, werengani nambala yanu pa silipi mmodzimmodzi, chala chili pa pepala, anthu a kumbuyo adandaule ngati afuna. Mukatero ijambuleni pomwepo.

Minibasi kubwerera m'tauni. Mzere wa kubanki. Kalata ija anailemba, koma yolipira. Pofika kukoleji kachiwiri inali 12:40, windo litatsekedwa, akuti nkhomaliro mpaka 14 koloko. Ndinagula vitumbuwa viwiri ndi madzi pa geti n'kukhala pa sitepe pamodzi ndi bambo wina wochokera ku Kafue, amene anali pa ulendo wake wachitatu pa nkhani yofanana ndi yanga. Tinaseka, koma kuseka kwa pamaliro. Nthawi ya 14 koloko itakwana windo linatseguka, ndipo malaiti anali atapita. Jenereta ilipo, mafuta palibe. "Sisitemu ili pansi, mubwere mawa." Ndinaima pamenepo ndi kalata yanga yodindidwa m'manja, ndikuganiza za ana makumi asanu ndi limodzi amene ndinawasiyira ntchito pa bolodi m'mawa, ndipo pakamwa panga panauma.

Chimene chimandipweteka mpaka lero si minibasi zinayi zija ayi. Ndi cha Lachiwiri. Ndinalawira, ndinali wachitatu pa mzere, amayi aja anazipeza ndalama zanga pa kompyuta pasanathe mphindi zisanu. Kenako anati ndilipire chindapusa cha K200 chifukwa cholembetsa mochedwa. Ndinati, amayi, tsiku limene ndinalipira si ili pa kalata? Anati sisitemu imawerenga tsiku limene ndalama zalowa pa dzina langa, ndipo limenelo ndi lero. Ndinafunsa woti ndikadandaule kwa iye, anati ali ku msonkhano. Ndinalipira. Ndikanatani? Risiti ya chindapusacho ndinaijambula kawiri, ili m'foni mpaka pano, ndipo ndikakwiya ndi china chilichonse ndimaitsegula kuti ndikwiye bwino.

Sizinathere pomwepo, chifukwa a maakaunti satsegula portal. Amene amatsegula ndi anyamata a ICT, oona za makompyuta, nyumba ina, pamwamba. Musachoke pa koleji musanalowe pa akaunti yanu muli chiimire pamaso pawo. Bambo wa ku Kafue uja anachoka atauzidwa kuti "zitseguka zokha madzulo," ndi chifukwa chake anali pa ulendo wachitatu.

Za kwizi ija, alekichara athu a Calculus anali munthu. Ndinawapeza m'khonde, ndinawaonetsa mapepala onse, anangoti, "Aphunzitsi, bwanji simunanditumire uthenga Lachisanu lomwelo?" Anatsegula laputopu pa zenera n'kundiwonjezera tsiku limodzi, ine ndekha. Pa Moodle zimatheka, mphunzitsi amatha kusinthira wophunzira mmodzi nthawi yotsekera popanda kukhudza ena. Sindinkadziwa. Choncho akakutsekerani, lemberani alekichara nthawi isanakwane, ndi chithunzi cha mawu ofiira aja, kuti pakhale umboni wa tsiku ndi ola.

Ndaiwala kunena za malaiti, ndipo chaka chimenecho nkhani yonse inali malaiti. Mvula itakana, a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kumapeto kwa Febuluwale 2024 kuti chilala ndi ngozi ya dziko lonse. Madzi ku damu la magetsi la Kariba anatsika, kuzima kwa magetsi kunayamba ndi maola 8 mu Marichi, ndipo pofika Seputembala kwathu ku komboni tinkawaona maola atatu kapena anayi, nthawi zambiri pakati pa usiku. Babu ndinkalisiya loyatsa kuchipinda kuti akabwera lindidzutse. Likangowala, cha m'ma 1 koloko, ndinkadumpha, kulumikiza foni, pawa banki ndi laputopu, akazi anga akuthamangira ku ayironi. Nthawi yomweyo ndi imene ndinkatsitsa zinthu zonse za sabata. Ikani app ya Moodle m'foni, osangodalira kutsegula pa browser, chifukwa app imalola kutsitsa manotsi n'kumawawerenga popanda netiweki. Mabandulo a usiku amatsikanso mtengo. Ndipo dziwani kuti magetsi akazima nthawi yaitali netiweki nayo imafooka, ndiye kukhala ndi moto m'foni sikutanthauza kuti asayimenti ipita. Ine ndinali ndi masimu awiri, ya Airtel ndi ya MTN, ina ikakana ndinkayesa inayo. Asayimenti muzitumiza kutatsala tsiku lathunthu. Ikapita, jambulani sikirini imene ikuonetsa kuti yalandiridwa. Jambulani, ndikubwerezanso.

Chaka chomwecho chinayambanso ndi kolera, masukulu n'kutsegulidwa pa 12 Febuluwale m'malo mwa Januwale, odwala akugonekedwa ku Heroes Stadium. Ana athu tinali kuwathamangitsa kuti silabasi ithe, ife eniake tikuthamangitsidwa ndi alekichara.

Makalasi a Zoom ndinene zoona, ambiri anali otaya bandulo. Alekichara ena ankangowerenga masilaidi amene tinali nawo kale, makamera onse ozima, kumveka tambala wa munthu wina amene waiwala kutseka maikolofoni. Zoom yaulere imadula pakatha mphindi 40, ndiye tikati tilowenso, theka la kalasi silinkabwerera. Amene anandiphunzitsa zenizeni ndi anzanga a m'gulu lathu la WhatsApp, anthu asanu ndi mmodzi. Mmodzi ankaphunzitsa kumudzi kupitirira Chadiza, ndipo netiweki ankaipeza pamwamba pa chulu kuseri kwa sukulu. Ankalemba sitepe zonse za samu pa pepala, n'kukwera pa chulu paja madzulo, kutumiza chithunzi ndi mawu a mphindi imodzi, mphepo ikuwomba m'foni. Integration by parts, njira ina ya mu Calculus, ndinaimvetsa kuchokera pa chulu chimenecho.

Pa residential musamayembekeze kuphunzitsidwa zonse. Pitani ndi mafunso olembalemba, a zimene zinakukanikani muli nokha. Masiku ndi ochepa, ndipo amene amabwera manja lende amathera nthawi pa makina a fotokope.

Tsopano manyazi anga. Mu 2025 kalikulamu yatsopano itayamba, ija yabweretsa Form 1 m'malo mwa Grade 8 ndi kuphunzitsa kotsamira pa zimene mwana angathe kuchita, ahedi anati popeza ine ndi "wa pa intaneti," ndikonze maphunziro a aphunzitsi a masamu a masukulu oyandikana nafe, theka pa foni, theka pa misonkhano yathu ya CPD, yophunzitsana aphunzitsi tili pa ntchito. Ndinavomera ndi chifuwa chotukula. Ndinatsegula kalasi ya pa intaneti pa Google Classroom, ndinajambula vidiyo ya mphindi 35 nditavala tayi, ndinaikapo PDF yaikulu, ndipo tsiku lotsekera ndinalemba Lamlungu 23:59. Inde, ine yemweyo. Mwa aphunzitsi khumi ndi anayi, atatu okha ndi amene anatsegula. Ndinayamba kudandaula kuti anthu safuna kuphunzira.

Amene anandibweza ndi amadamu ena achikulire a ku Kanyama, atsala pang'ono kupuma pa ntchito. Titakumana anatulutsa foni yawo yong'aluka galasi, n'kundionetsa uthenga woti malo adzaza. Anati, "Mwananga, vidiyo yako ikufuna ndifufute zithunzi za adzukulu anga. Ndiye ndisankhe iwe?" Anthu anaseka, ine ndinayang'ana pansi. Zaka zonsezi ndikutukwana alekichara mumtima, ndipo atangondipatsa mpando ndinachita zomwezo.

Ndinaphwasula zonse. Google Classroom ndinaisiya, tinabwerera pa WhatsApp pamene aliyense analipo kale. Phunziro lililonse linakhala mawu ojambula osapitirira mphindi zitatu ndi chithunzi chimodzi cha tsamba lolembedwa ndi manja, zilembo zikuluzikulu. Funso limodzi pa sabata, la m'kalasi mwenimweni, monga ili: mwana wa Form 1 mungamuphunzitse bwanji ma percentage pogwiritsa ntchito ndalama imene amadula potumiza mobile money? Woyankha ankatha kulemba, kulankhula, kapena kujambula bolodi lake, mu Chingelezi kapena mu Chinyanja, zonse ndinkalandira. Tsiku lotsekera ndinalisamutsira Lachiwiri masana, kuti amene kwawo kulibe malaiti kumapeto kwa sabata akatchaje kusukulu Lolemba. Tikakumana maso ndi maso sindinkalankhula kwambiri. Mmodzi ankaphunzitsa mphindi khumi ngati kuti ife ndi ana, enafe n'kumusokoneza ndi mafunso opusa amene ana amafunsa. Amadamu aja ndi amene anaphunzitsa bwino kuposa tonse, ndi zitsekerero za mabotolo zimene anabwera nazo m'pepala la shuga.

Sizinayende zonse. Awiri sanayankhepo ngakhale kamodzi mpaka temu inatha, ndipo gulu la WhatsApp limadzaza msanga ndi mauthenga a maliro ndi malonda a nkhuku. Ndinachita kukhazikitsa lamulo, ndipo woyamba kuliphwanya anali ine pamene alamu anga ankagulitsa mbatata za ku Katete.

Wina anandifunsa za laputopu. Chaka choyamba mungathe ndi foni yokha ngati muli wopirira, koma pa kafukufuku wa chaka chomaliza mudzaifuna. Yanga ndinagula yogwiritsidwapo kale m'tauni. Musanalipire ichotseni ku magetsi, muone ngati batire ikhala ola limodzi, wogulitsa anyinyirike.

Sabata yamawa ndikupita ndi makope a zotsatirazi kuti akasinthe za ine ku Teaching Council of Zambia ndi ku ofesi ya maphunziro. Ndadinditsa makope asanu, onse ndawajambula, ndipo ahedi ndawauza kale kuti asandiyembekeze 10 koloko. Za K200 ija ndinalemba kalata yodandaula mu Okutobala 2024. Lachisanu lapitali ndinadzera pa windo kukafunsa, amayi aja anandizindikira, anandifunira mafuno abwino pa digiri, n'kunena kuti woona za madandaulo ali ku msonkhano.