Mafilimu owopsa usiku, nyimbo za Khrisimasi m'mawa

Dzulo cha m'ma 11 usiku ndinakuwa ndekhandekha m'nyumba ngati mwana chifukwa cha filimu. Mtsikana uja akutsika masitepe pang'onopang'ono mumdima, nyimbo yangoti zii, ine ndikumuuza kuti bwerera iwe bwerera, kenako chitseko changa chenicheni chinangoti phwaa ndi mphepo. Rimoti inagwera uko, mtima uli phaphapha, mapeto ake ndinayamba kudziseka mpaka misozi.

Chodabwitsa n'chakuti tsiku lonse ndinali wokhumudwa, kuntchito sizinayende, foni yomwe ndimadikira sinabwere, mutu ukuwawanso, koma ola limodzi ndi theka la mantha abodza linandiiwalitsa zonsezo. Ndikuona ngati mantha a mufilimu amakoma chifukwa mphamvu uli nazo ndiwe, zikakukulira umangoimitsa n'kuyatsa magetsi, osati nkhawa zinazi zomwe zimakutsatira mpaka pabedi. Ndipotu chimene chimaopseza kwambiri si chimzukwacho ayi, ndi phokoso. Tayesani kutsitsa voliyumu muone, chimangosanduka munthu wopaka penti kumaso.

Ndiye lero ndadzuka n'kuika nyimbo za Khrisimasi, inde ndikudziwa kuti ngakhale Halloween, chikondwerero chovala zoopseza cha pa 31 Okutobala, sinafike n'komwe, musandiweruze chonde. Timabelu tija ndi makwaya zimandifewetsa mtima ndikamakonza m'nyumba, ngakhale pofika Disembala ndimakhala nditatopa nazo kale. Usiku uno ndionera filimu ina, koma getsi la pakhonde sindizimitsa ayi.