Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Wansembe Amene Anatsutsa Papa

M'gawo lapitali tinalekezera pamene ndinasiya kupemphera. Ena ankati anandisocheretsa ndi anzanga, koma zoona zake n'zakuti anali manambala. Kuwala kwa dzuwa kumafika kuno patatha mphindi 8 ndi pang'ono. Kuwala kwa mlalang'amba wa Andromeda, umene umaoneka ndi maso usiku wopanda mwezi, kwakhala pa ulendo zaka 2.5 miliyoni. Ine ndinakula ndikumva kuti chilengedwe chili ndi zaka 6,000 zokha. Nanga kuwalako kunanyamuka liti? Aliyense amene ndinkamufunsa ankangoti za Mulungu safunsa.

Amene anandimvetsera anali mphunzitsi wina wa fizikisi wopuma pa ntchito, munthu wosaphonya mapemphero. Nditawakhuthulira zonse anaseka.

"Mwana wanga, amene anayambitsa maganizo a Big Bang ukumudziwa?"

"Si Edwin Hubble, aphunzitsi?"

"Anali wansembe."

Ankanena za Georges Lemaître wa ku Belgium. Mu 1927, pogwiritsa ntchito masamu a Einstein, wansembeyu anasonyeza kuti thambo likufutukuka, n'chifukwa chake milalang'amba ikutalikirana. Hubble, katswiri wa zakuthambo wa ku America, anadzatulutsa zimene anayeza ndi telesikopu ya pa phiri la Mount Wilson ku California mu 1929. Pofika 1931 Lemaître anati ngati zonse zikumwazikana, ndiye kuti kalekale zinali zothithikana pamodzi: chilengedwe chili ndi poyambira. Fred Hoyle, wasayansi wa ku Britain amene ankakhulupirira kuti chilengedwe chilibe poyambira, sanagwirizane nazo, ndipo dzina loti Big Bang analitchula ndi iyeyo pa wailesi ya BBC mu 1949.

Mtima wanga unadumpha. Ndinati basi, umboni wa Genesis ndi umenewu. Aphunzitsi aja anapukusa mutu n'kundiuza kuti Papa Pius XII anayankhulanso chimodzimodzi mu 1951, koma Lemaître sizinamusangalatse, mpaka anayesetsa kuti Papayo asabwerezenso. Apa m'pamene Lemaître anandigwira mtima. Wina aliyense akanavina poona mkulu wa mpingo wake akutamanda ntchito yake. Iye anaona msampha: sayansi imasintha pakapezeka umboni watsopano, ndipo ukamangirira Mulungu pa mfundo ya lero, mfundoyo ikagwa Mulungu wakoyo agwera limodzi. Sikuti ankakayikira masamu ake. Mu 1965 asayansi a ku America, Arno Penzias ndi Robert Wilson, analengeza kuti apeza kutentha kotsalira kwa chiyambicho, kochokera mbali zonse za thambo, ndipo Lemaître anazimva asanamwalire mu 1966.

Kuyambira pamenepo ndinaleka kufunsa Genesis tsiku ndi chaka. Zaka 13.8 biliyoni zimene asayansi amati chilengedwe chili nazo ndinazivomera, chifukwa zinachita kuyezedwa. Koma funso loti bwanji pali zinthu m'malo moti pasakhale kanthu, ndiponso bwanji zinthuzo zimamvera masamu, telesikopu siliyankha ngakhale ikule bwanji. Alipo asayansi anzeru amene amafika pa funsoli n'kusankha kusakhulupirira, ndipo sindiwanyoza. Ine ndinayambiranso kupemphera, mwamanyazimanyazi, ndili ndi mafunso ambiri kuposa kale.

Vuto linali kunyumba. Nditawafotokozera bambo anga kuti masiku 6 a kulenga a mu Genesis aja sindikuwawerenganso ngati masiku a maola 24, anatseka Baibulo lawo n'kufunsa dzina la munthu amene wandiphunzitsa zimenezi. Za ulendo wawo wokakumana ndi aphunzitsi aja tidzakamba m'gawo 10.