Nsapato yanga ya kumanzere inatsala ku Penang

Popeza mlamu wanga wafalitsa kale chithunzi chija pa gulu la WhatsApp, lekani ndifotokoze ndekha nkhaniyi isanafike kwa apongozi itathiridwa tsabola. Eya, amene waima ndi mwendo umodzi ngati kakowayo ndine. Sokosi yobookayo ndi yanganso. Koma zoti chiboliboli ndinachipatsa moni katatu ndi bodza la mlamu. Kanali kawiri.

Malo ake ndi Chew Jetty, ku George Town, pa chilumba cha Penang ku Malaysia, kumene mlamuyo akuphunzira. Ndi mudzi wa nyumba zamatabwa zokhala pa mizati m'nyanja, m'mbali mwa msewu wa Weld Quay. Anauyamba ndi Atchaina ochokera ku Fujian kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, anthu onyamula katundu padoko, ndipo mfunda uliwonse unamanga mlatho wake: a Chew apa, a Lim apo, a Tan, a Lee, a Yeoh, ngati a Phiri, a Banda ndi a Mwale atagawana gombe. Chiyambire 2008 pamene UNESCO inaika George Town pa mndandanda wa malo osungidwa, alendo amakhamukirako, ndiye eni nyumba ena anasandutsa makonde awo kukhala timasitolo. Khomo ili akugulitsa malaya, khomo linalo ayisikirimu wa durian, chipatso chonunkha ngati anyezi wogonera m'chidebe, khomo lachitatu ndi nyumba ya munthu. Mfundo imeneyi muigwire bwino, ndiye loya wanga.

Mlamu anandichenjeza kuti, "Alamu, musamangolowa paliponse." Ine ndinati mwana wa ku Nkhotakota saphunzitsidwa kuyenda pa gombe.

Ndinaona chitseko chili pululu, nsapato zitandandalikidwa pakhomo. Ndinavula zanga, chifukwa ndinaleredwa. Ndinati "Odi!" Zii. "Odi kuno!" Zii. Kwathu ukaodira kawiri chitseko chili chotsekula, wachita mbali yako. M'katimo munali guwa lofiira, utsi wa lubani, zithunzi zakale pakhoma. Ndinati basi, iyi ndi nyumba yosungira zakale. Ndipo pakona, pa mpando wa nsungwi, anaikapo chiboliboli cha nkhalamba yovala vesiti, maso ali tseke, chokupizira mphepo chili m'manja.

Anzanga, luso lake! Ndinachiyandikira mpaka mphuno zathu kutsala pang'ono kupatsana moni. Makwinya onse analipo. Mitsempha ya pa dzanja inalipo. Tsitsi la m'makutu, limodzilimodzi, analiika. Ndinaima pamenepo ndikudandaulira dziko langa, kuti ife timangosema njovu ndi mipando ya amfumu pamene anzathu afika poika thukuta pamphumi pa chiboliboli. Ntchentche inatera pa bondo lake, ine nkuti ngakhale ntchentche yapusitsidwa. Mimba nayo inkakwera ndi kutsika. Mukuganiza kuti ndinadzidzimuka? Ayi ndithu, ndinasuzumira kuseri kwa mpando kufuna pamene alowetsa mabatire.

Ndiye ndinati, mwanthabwala, "Muli bwanji agogo?" Ndinakoleka mkono paphewa pake, nkukweza foni. "Agogo, tamwetulirani."

Pa galasi la foni ndinaona diso limodzi likutsekuka. Limodzi lokha. Linandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka pa chala chimene chinatulukira pa sokosi, nkubwereranso kumutu. Silinakwiye. Linangooneka lotopa, ngati diso limene laona zitsiru za mayiko onse koma la Malawi linali lisanalembetse.

Thupi linadzichitira lokha. Ndinapezeka ndagwada, ndikuomba m'manja mwa mfumu, "Pepani agogo, zikomo agogo, wawa agogo," m'Chichewa chenicheni cha kumudzi, pa matabwa a anthu a ku Fujian. Diso lija linatsekanso. Kukhitchini kunatuluka agogo aakazi ndi chipande m'manja, ndipo chilankhulo chawo sindichimva koma chipande chimamveka paliponse.

Ndinatuluka chafutambuyo, nsapato zili m'manja. Tsoka ilo, anthu a kumeneko amayendetsa njinga zamoto pa mlatho womwewo wamatabwa. Ina inalira kumbuyo kwanga, ine kulumphira pambali, nsapato ya kumanzere kupulumuka. Pamenepo panalibe chotchinga.

Ndinadikira kumva phava. Ndinamva thapwa. Madzi kunalibe. Nyanja yathu ikagona pamalo imadzuka pomwepo, koma iyi imachoka masana nkupita kwina, kusiya matope akuda, onunkha, ndi mizati ili pamtunda, ina yokhala pa zidebe zapulasitiki zothiridwa simenti. Nsapato inakhala chilili pakati pa matopewo, yonyezimira bwino, poti ndinaipolisha m'mawa. Kenaka kansomba kena ka maso otong'oka, kamene kamayenda pa matope ndi zipsepse ngati munthu wokwawa ndi zigongono, kanabwera, kanaizungulira, kanakwera pamwamba. Kanakhala. Mlamu nthawi yonseyi akujambula, misozi ili mbwembwembwe.

Agogo aakazi aja, Mulungu awadalitse, anabwera ndi nsungwi yaitali yoyanikira zovala. Tinagwirizana awiriwiri, iwo kutsogolo ine kumbuyo, nkuikola nsapato ija bwinobwino, nkuikankhira pansi mpaka inamira. Anandiyang'ana, analowa m'nyumba, nkutuluka ndi patapata mmodzi wapinki amene chidendene changa chonse chinatsalira kunja. Ndalama anakana. Ndinayenda naye choncho, phwa, gu, phwa, gu, kudutsa kachisi wa pakhomo la mudzi mpaka ku Weld Quay, alendo a mayiko ena akundijambula ngati nanenso ndine wa UNESCO.

Mlamu akuti panali chikwangwani choletsa kulowa. Mwina chinalipo. Chinali kumbuyo kwa malaya ogulitsa, ndipo munthu sungawerenge zonse.

Ya kumanja ndinabwera nayo, ili pansi pa bedi. Mayi a kunyumba akuti ndiitaye, koma ikadali yabwinobwino.