Chikwama chokachirira chikhale chomanga mwezi wa 8 usanathe

Tsiku lochira limene anamwino amalemba m'buku la sikelo ndi longoyerekeza. Mimba imaonedwa kuti yakhwima kuyambira sabata ya 37, ndipo mwana akhoza kubwera usiku uliwonse kuchokera pamenepo mpaka sabata ya 42. Ena safika n'komwe pa 37. Lipoti la padziko lonse la mu 2012 linaika Malawi patsogolo pa mayiko onse pa nkhani ya ana obadwa masiku asanakwane, ana pafupifupi 18 mwa 100 alionse. Choncho mayi amene akuti adzalongedza mwezi wa 9 ukalowa akudikira tsiku limene mwina lidzamupeza ali kale pabedi la kuchipatala. Pofika sabata ya 34, katundu akhale atagulidwa, atachapidwa ndi kumangidwa, ndipo bambo a m'nyumba komanso amene adzakhale gadiyani adziwe pamene ali.

Musanagule kanthu, funsani anamwino a kusikelo kwanu zimene chipatala chawo chimafuna. Zofunika pachipatala chaching'ono cha kumudzi zimasiyana ndi za ku Bwaila, ku Queen Elizabeth kapena ku Mzuzu Central. Zipatala za mishoni (za CHAM) zina zili pa mgwirizano ndi boma woti amayi oyembekezera azithandizidwa ulere, zina zimalipiritsa, ndiye ndi bwino kudziwiratu kusiyana n'kukamva za ndalama matenda atagwira kale.

Matenda akayamba, amene amatsegula chikwama si mayi mwini. Amatsegula ndi gadiyani, nthawi zambiri usiku, manja akunjenjemera, mzamba akufuula kuti chitenje chibwere msanga. Pa chifukwa chimenechi musathire zonse pamodzi. Mangani mitolo itatu m'majumbo oyera: wa m'chipinda chochirira, wa mwana, ndi wa mayi akachira. Wa m'chipinda chochirira ukhale pamwamba penipeni, ndipo muuonetse kwa gadiyani masana, mukadali bwino, kuti audziwe ndi maso.

Mtolo woyambawo mtima wake ndi zitenje. Zisachepere 6, ndipo amene angathe afikitse 8. Anthu amadabwa ndi chiwerengerochi mpaka ataona mmene zimathera. Chimodzi chimayalidwa pabedi pamwamba pa pepala la pulasitiki. Chachiwiri mzamba amapukutira mwana akangotuluka, ndipo chimenecho chimanyowa nthawi yomweyo, chiyenera kuchotsedwa. Chachitatu, chouma, chimafunda mwana ali pachifuwa cha mayi ake. Chachinayi mayi amavala pochoka pabedi lochirira. Zotsalazo ndi zosinthira, chifukwa tsiku loyamba magazi amadetsa nsalu mofulumira kuposa mmene gadiyani angachapire ndi kuyanika, makamaka nyengo ya mvula kapena mu June ndi July pamene dzuwa silioneka bwino.

Apa pali cholakwa chimene chimachitika kawirikawiri. Banja limagula zitenje zatsopano zokongola n'kuziika m'chikwama zili zopinda monga zinachokera kusitolo. Chitenje chatsopano chimakhala ndi sitachi, n'cholimba, sichimwa madzi. Mukapukutira mwana chimangotsetsereka pakhungu n'kumusiya ali chinyowere, ndipo mwana wonyowa amazizidwa m'mphindi zochepa ngakhale m'chipinda chimene akuluakulu akutuluka thukuta. Chapani chitenje chilichonse kawiri ndi sopo wamba, chiume padzuwa, muchisite, kenako muchipinde. Zitenje zakale za thonje zimene zinafewa ndi kuchapa ndi zabwino kwambiri popukutira mwana kuposa zatsopano, bola zikhale zoyera. Zanayiloni zoterera zija zisiyeni kunyumba.

Pepala la pulasitiki, lakuda lija, likhale latsopano, lotalika mita imodzi ndi theka kapena mamita awiri kuti likwane bedi lonse. Ntchito yake ndi kuteteza mayi ku zotsalira za amene anagona pabedipo poyamba, komanso kuteteza matiresi. Lomwe linafolera nyumba kapena kuyanikira chimanga lisapite kuchipatala, ngakhale mutalitsuka bwanji, popeza limakhala ndi timabowo ndi fumbi losaoneka.

Lezala ndi ulusi ndi zinthu zazing'ono zimene zimasochera m'chikwama, choncho ziikeni m'kabotolo kapena kajumbo kotseka. Lezala akhale watsopano, wosatsegulidwa m'pepala lake, ndipo tengani awiri. Ulusi ukhale wolimba, watsopano, wosagwiritsidwapo ntchito. Zipatala zambiri zili ndi lumo lawo lophika ndi zopanira mchombo, koma zipangizo zimatha, ndipo mwana wina amabadwira panjira. Mchombo wodulidwa ndi chitsulo chakale ndi khomo la kafumbata ndi matenda a m'magazi, amene amapha khanda m'masiku ochepa. Wina asatsegule lezalayo kuti ametere ndevu n'kumubwezera.

Mumtolo womwewo muikemo chipewa chimodzi cha mwana. Mutu wa khanda ndi waukulu poyerekeza ndi thupi lake, umabadwa wonyowa, ndipo kutentha kwambiri kumathawira pamenepo. Chipewa chimafunika m'mphindi zoyambirira, osati mawa pobwera alendo. Chikakhala pansi pa chikwama mkati mwa malaya a mwana, chidzapezeka mochedwa.

Buku la sikelo lisalowe mumtolo uliwonse. Likhale m'thumba lakunja la chikwama, lokutidwa ndi pulasitiki, pamodzi ndi chiphaso cha unzika. M'bukumo ndi mmene mzamba amaona msanga kuti iyi ndi mimba yachingati, ngati mayi anachitidwapo opaleshoni, mmene magazi akhala akuthamangira, ngati ndi ochepa m'thupi, ndi zotsatira za HIV ndi chindoko. Mayi wopanda buku amayamba kufunsidwa zonsezi ali pakati pa ululu, ndipo zina amaiwala. Chiphasocho chimathandizanso polembetsa kubadwa kwa mwana. Mayina a mayi ndi bambo alembedwe monga alili pa ziphaso, chifukwa chilembo chimodzi cholakwika chimadzavutitsa patsogolo. M'malo ena buku la mwana limagulidwa, ndiye sungani kandalama kake padera; m'menemo ndi molembedwa kulemera kwake ndi katemera woyamba wa BCG (wa chifuwa chachikulu) ndi wa poliyo.

Mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku apite nanu. Kuyambira mu 2011, Malawi inayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV, ndipo masiku ochira ndiwo oyenera kusadumphitsa ngakhale limodzi. Amayi ena amasiya botolo kunyumba poopa kuti apongozi kapena gadiyani aliona. Likulungeni m'kansalu, liikeni pakati pa zovala zanu zamkati, koma lisatsale, ndipo uzani mzamba kuti mwana ayambe mankhwala ake omuteteza atangobadwa. Mapiritsi owonjezera magazi, a BP, a shuga kapena a khunyu nawonso alowe.

Mtolo wa mwana usachuluke. Masiku awiri kapena atatu oyamba amafuna timalaya 3 kapena 4 tofewa totsegula kutsogolo, zipewa zina 2, masokosi mapeyala 2, shawelo kapena kabulangete kamodzi, ndi matewera. A nsalu akhale 10 kapena 12. Otaya paketi imodzi ya saizi yaing'ono kwambiri ikwana. Chimbudzi choyamba cha khanda chimakhala chakuda mobiriwira, chomata ngati phula, ndipo chimachoka bwino ndi thonje kapena kansalu konyowetsa m'madzi ofunda. Pomanga thewera, lipindeni kuti lithere m'munsi mwa mchombo, mkodzo usaunyowetse. Mchombo wouma umagwa wokha pakatha sabata imodzi kapena awiri. Malaya a zingwe za m'khosi, mabatani olimba akumsana ndi ubweya wothothoka ndi okongola pachithunzi koma amasautsa mwana. Zovala zonse zichapidwe kaye, kaya ndi za m'sitolo kaya za pakaunjika.

Sopo wa mwana ndi thawulo si zofulumirira. Khanda silisambitsidwa mpaka patadutsa maola 24, chifukwa kusamba msanga kumaliziziritsa, ndipo mafuta oyera amene limabadwa nawo amateteza khungu. Agogo akanena kuti mwana akununkha za m'mimba, auzeni mwaulemu kuti anamwino ndiwo alamula. Mwana akabadwa wochepera makilogalamu 2.5, adzafunika kugona pachifuwa khungu kukhudza khungu usana ndi usiku, njira ija amati kangaru, ndipo pamenepo chofunika ndi chitenje chachitali chomumangira, chipewa, masokosi ndi thewera basi. Malaya ambiri aja sagwira ntchito.

Mtolo wa mayi ndi umene umaiwalidwa, poti maso a aliyense ali pa mwana. Akachira, mayi amataya magazi ambiri masiku awiri kapena atatu oyamba, kenako amachepa pang'onopang'ono kwa masabata angapo. Mapadi wamba a kumwezi ndi aang'ono. Gulani mapaketi awiri a mapadi aakulu a amayi ochira, kapena mpukutu waukulu wa thonje. Ngati ndalama zavuta, dulani chitenje chakale chofewa m'zidutswa 10, muzichape, ziume padzuwa, muzisite. Gadiyani adziwe ichi: padi ikadzaza ola lisanathe, kapena pakutuluka zibuma zikuluzikulu za magazi, kapena mayi akuchita chizungulire, aitane namwino nthawi yomweyo, asayambe wapita kukachapa. Kutaya magazi pambuyo pochira ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimapha amayi kwambiri, ndipo kumachitika makamaka tsiku loyamba. N'chifukwa chake mayi asaumirire kutuluka maola 24 asanakwane ngakhale akumva bwino.

Mapanti akhale 4 kapena 5, a thonje, akuda, okulirapo, ofika pamwamba pa mchombo. Palibe amene amadziwiratu kuti adzapita ku fiyeta, ndipo lamba wa panti wothera m'munsi amakhula pachilonda cha opaleshoni penipeni. Mabulauzi awiri otsegula kutsogolo amathandiza kuyamwitsa, makamaka dzanja likakhala ndi diripi. Onjezani juzi, bulangete, patapata wolowera kubafa, sopo, mswachi, thawulo, beseni ndi kachidebe. Beseni ndi losambira ndi kuchapira, lisakhale lomwe mudzaikamo chakudya.

Pali zinthu zina zoti zisalowe m'chikwama. Choyamba ndi mwanamphepo ndi mankhwala ena achikuda ofulumizitsa matenda. Amachititsa chiberekero kufinya mwamphamvu khomo lisanatseguke, mwana amabanika, ndipo chiberekero chikhoza kuphulika. Ngati mayi wamwetsedwa kale, auze mzamba poyera; kubisa kumachedwetsa thandizo. Botolo loyamwitsira, mkaka wa m'chitini ndi madzi a shuga zikhale kutali, pokhapokha achipatala atalamula. Mwana aikidwe kubere ola loyamba lisanathe. Mkaka woyamba wachikasu uja ndi wochepa koma ndi wokwanira kamimba kake, ndipo uli ndi chitetezo ku matenda, usafinyiridwe pansi. Phulusa, mafuta, paudala kapena zitsamba zisapakidwe pamchombo. Ngati chipatala chapereka mankhwala a chlorhexidine, amenewo okha ndiwo opaka, pamchombo pokha, osati m'maso.

Gadiyani ali ndi katundu wake. Zipatala zazing'ono zambiri siziphika, ndipo kumene amaphika chakudya chimabwera pa nthawi yake, osati pamene mayi wamva njala pakati pa usiku atangochira. Atenge ufa, ndiwo zouma, shuga, mchere, poto, mbale, makapu awiri, makala kapena nkhuni, mkeka, ndi fulasiki ya phala kapena tiyi. Madzi akumwa akhale m'botolo loyera. Mayi amene matenda akuyenda bwino akhoza kumwa ndi kudya zopepuka, koma anamwino akatchula za fiyeta, gadiyani asamupatse kanthu asanafunse. Neti ya udzudzu imene munalandira kusikelo ipite nawo ngati kuwodi kulibe. Sankhani gadiyani wamphamvu, wotha kudzuka usiku ndi kulankhula ndi anamwino mosaopa, osati wongotengedwa chifukwa ndiye wamkulu pabanja.

Tochi ikhale ndi mabatire atsopano. Magetsi amazima, ndipo tochi ya pafoni imamaliza moto pa nthawi imene foniyo ikufunika kuimbira galimoto. Manambala a woyendetsa galimoto kapena njinga yamoto, a bambo a mwana ndi a wachibale amene angapereke magazi alembedwe papepala lomwe lili m'buku la sikelo. Ndalama zina zikhale m'manja, zosinthasintha, chifukwa ma ajenti a Airtel Money ndi Mpamba amatseka usiku. Zikwane ulendo wopita, wobwera, ndi wina wapakati, popeza chipatala chaching'ono chikhoza kukutumizani kuchipatala cha boma chachikulu pamene ambulasi ili kwina.

Amene amakhala kutali, kapena kutsidya kwa mtsinje umene umadzaza pakati pa December ndi March, asadikire matenda kunyumba. Apite kuchidikiro, malo a pachipatala odikirira kuchira, pa nthawi imene anamwino awauza. Chimodzimodzi amene anachitidwapo opaleshoni, amene ali ndi mapasa, a BP yokwera, a mimba yoyamba ndi amene abereka kasanu kapena kuposa. Kuchidikiro munthu akhoza kukhala masabata angapo, ndiye ufa ndi sopo zichuluke, koma mtolo wa m'chipinda chochirira usamasulidwe kuti zitenje zake zivalidwe podikira.

Kwa otsala kunyumba, nyamukani msana ndi mimba zikayamba kupweteka mobwerezabwereza, nthawi yopuma ikufupikira. Nsupa ikasweka, nyamukani ngakhale ululu usanayambe, ndipo onani mtundu wa madziwo kuti mukauze mzamba, makamaka akakhala obiriwira kapena onunkha. Magazi, mutu waukulu wosaona nawo bwino, kukomoka, kutentha thupi, kapena mwana kusiya kusewera m'mimba, zimenezi sizidikira kuti kuche. Ngati china sichinalongedzedwe, wachibale adzabwera nacho m'mbuyo.